Kamera Yako Ilibe Kanyali Kofiira

Lubuto, Ndola
Lachinayi masana

Tiyamike mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi iwe uli ku Kitwe kokatsanzikana ndi azakhali ako, ndipo ndikufuna nditsirize usanabwere. Magetsi apita monga mwa masiku onse. Atate ako agona pampando, wailesi ili pamimba, ine ndakhala pakhonde pomwe pakuwala. Chikwama chako chili pakhomo la chipinda, chotseka kale kuyambira dzulo, ngati kuti muno tinkakusunga m'ndende. Mawa basi ya ziro sikisi m'mawa ikutengera ku Lusaka kukayamba ntchito kwa anthu ojambula maukwati a anthu olemera. Ndakondwa, usakayike, ndauza mpingo wonse mpaka anthu atopa nane. Koma kuyambira Lachiwiri mtima wanga suli m'malo, ndipo chifukwa chake ukuchidziwa.

Pa khadi la kamera yako pali kavidiyo ka m'chipinda cha alangizi, kamene unajambula Loweruka pa phwando la azimayi lotsogolera ukwati, kichini pate ya Naomi, mwana wa Mayi Zulu a ku Nkwazi. Unandionetsa wekha ukumwetulira, ukuyembekeza kuti ndikuombera m'manja. Ndinakuuza kuti ukafufute. Iwe unati ukufuna ukaonetse bwana wako watsopano kuti aone mmene umajambulira mumdima. Tinakwezerana mawu mpaka atate ako, amene mgodi unawagonthetsa makutu, anafunsa ngati kunja kuli ndewu. Kuyambira pamenepo tikungopatsana moni ngati anthu okumana pa mpopi. Pakamwa panga ndimapadziwa, pamafulumira kupsa, n'chifukwa chake ndasankha pepala. Werenga mpaka kumapeto, usadumphe monga umachitira ndi mauthenga anga a pafoni.

Ndiyambe ndi kuiyamikira kamera yakoyo, kuti usanene kuti amama akudana ndi zatsopano chifukwa akalamba. Makamera amenewa, amene inu mumati milalesi chifukwa alibe kalilole m'kati, ndi dalitso kwa munthu wamkazi. Iwe sunaione ntchito iyi pamene inkayamba. Atate ako atawachotsa ku mgodi anagula chikamera chija cha paphewa n'kuyamba kujambula maukwati. Ku tchalitchi ndi ku holo zinkayenda bwino, koma akafika pa kichini pate azimayi ankawabweza pageti pomwepo, chifukwa mwamuna saloledwa. Tsiku lina anandisenzetsa ine chikameracho n'kunena kuti, “Amake Tiyamike, kanikizani apa pofiira, musagwedezeke, ndipo musaseke.” Maphunziro anga onse anathera pamenepo. Kuyambira tsikulo phewa langa lamanja lasenza chinthu cholemera ngati mwana wokana kutsika kumsana, ndipo lero kukazizira mu Juni sinditha kukweza dzanja limeneli kuti ndipese tsitsi. Yakoyo umaigwira ndi dzanja limodzi, linalo uli ndi botolo la madzi. Ndikakuona ukuthamanga nayo kutsogolo kwa mkwatibwi, ukuyenda chafutambuyo koma chithunzi chosagwedezeka, ndimakuchitira kaduka, ndinene zoona.

Maso akenso ndi akuthwa, zimenezo sindingatsutse. Ukukumbukira ukwati uja wa ku Bwana Mkubwa, mvula itadetsa kumwamba ndipo magetsi atathima m'tchalitchi? Yanga inatulutsa anthu akuda bii, odzaza mchenga pankhope, osadziwika kuti mkwati ndi uti ndipo wansembe ndi uti. Yako inaonetsa ngakhale msozi patsaya la mayi wa mkwatibwi. Pakanapanda iwe tsiku limenelo tikanapita ndi chiyani kwa eni ukwati? Imathanso kubisa umphawi wa munthu. Ukaima bwino, mkwatibwi amaoneka yekha mbee, khoma losapaka ndi mgolo wa madzi kumbuyo kwake zonse zitasungunuka. Azimayi a ku Nkwazi amakukonda chifukwa cha zimenezi, amati mwana wa Amake Tiyamike amatijambula ngati tili ku hotela. Zonsezi ndavomera. Tsopano mvera zimene kamerayo inandichita ine, chifukwa ku Lusaka sudzakhala ndi mayi woima kumbali ndi kamera yachiwiri.

Chaka chatha mu Okutobala, chikamera changa chili kwa wokonza, ndinabwereka yako kukajambula ukwati wa anthu a mpingo wa Rifomudi. Iwe unali ndi malungo, unangondionetsa pokanikiza uli gone. Kutentha kwa tsiku lija, pansi pa malata, ngakhale ana analeka kulira. Abusa anayamba ulaliki, ndipo abusa a kumeneko akayamba sayang'ana wotchi. Ine ndinazolowera yanga imene umaiyatsa n'kuisiya mpaka tepi ithe, ndiye ndinajambula ulaliki wonse kuyambira kwa Adamu. Pakona pa galasi panatuluka kachizindikiro kachikasu, ine n'kumaganiza kuti ndi zokongoletsa. Abusa atangonena kuti tsopano tione mphete, kamera inazima yokha. Kuigwira, moto. Ndinaikupiza ndi buku la nyimbo, ndinaiuzira, ndinaitanira oyera mtima onse m'tchalitchi cha eni ake osawapemphera, koma inadzuka anthu akuimba nyimbo yotulukira. Ndinachita kugwadira akwati kuti avekanenso mphete pansi pa mtengo wa mango. Mphete ya mkwati inakana kuvuka, chala chitatupa ndi kutentha, mpaka tinatuma munthu kukatenga sopo. Anthu anaseka, koma apongozi aamuna sanaseke, ndipo banja limenelo silinandiitanenso. Choncho mwanawe, kamera yako ili ndi thupi laling'ono, ilibe potulutsira kutentha. Usaipatse ulaliki wonse. Uziipumitsa, uzitsegula kagalasi kake kakumbuyo kuti mphepo ipite, usaisiye padzuwa, ndipo nthawi ya mphete isanafike uziigwira kaye ndi dzanja umve ngati ili ndi malungo.

Mabatire ake nawonso ndi a njala. Langa ndi lalikulu ngati njerwa ndipo limandifikitsa madzulo, ako aja ndi timabokosi ta machesi tongotha ukangoyamba kusangalala. Magetsi akabwera, kaya ukudya kaya ukusamba, thamanga ukawatchaje onse, ndipo uziwasunga m'thumba la diresi, osati m'chikwama chimene wasiya m'galimoto ya munthu wina. Ukamatembenuka nayo uzitembenuka pang'onopang'ono, chifukwa ukafulumira zipilala za tchalitchi zimapindika m'chithunzi ngati zaledzera.

Za mawu usaikhulupirire konse. Imamva chimene chili pafupi nayo, ndipo chimene chili pafupi kwambiri ndi pakamwa pako. Izi zinandichitikira ndi yanga yomwe, kalekale. Ndikujambula mkwati akuvina, ndinanong'oneza mnzanga kuti bambowa nsapato zikuwathina, akuvina ngati aponda minga. Patapita sabata banja lonse linakhala pabalaza kuonera vidiyo, ine ndili pomwepo ndikumwa tiyi wawo, ndipo mawu anga anatuluka bwinobwino kuposa a oimba. Tiyi uja sindinamumalize. Uzimangirira kamaikolofoni pa jekete la mkwati kapena pafupi ndi wolalikira, ndipo iwe uzitseka pakamwa. Kumbukira kuti kamera simasankha, imangotola zonse, zoyenera ndi zosayenera. Wosankha ndi iwe.

Tsopano nkhani ija umanyadira kwambiri, yakuti kamera yako imadzipezera yokha nkhope ya munthu n'kuitsatira. Ndi zoona, ndaona kabokosi kaja kakuthamangira diso la munthu. Koma siidziwa kuti nkhope yofunika ndi iti. Pa ubatizo wa mdzukulu wa akatekisiti athu, ndili ndi kamera yakonso, kutsogolo kwanga kunaima mayi wina wa bungwe la azimayi, atavala chitenje chija cha chikondwerero cha parishi chokhala ndi nkhope yaikulu ya Amayi Maria. Mayiyo anali wodalitsika kumbuyo, ndiye nkhopeyo inatambasuka bwino. Kamera yako itaiona inakakamira pomwepo. Wansembe akuthira madzi, mwana akulira, agogo akululutira, zonsezo zinatuluka mbuu ngati utsi, koma chitenje cha mayi uja chinatuluka chowala mpaka ulusi wake kuwerengeka. Ine pa kagalasi kakang'ono kaja, ndi maso angawa, ndinkaona ngati zili bwino. Akatekisiti ataonera anangoti, “Amake Tiyamike, Amayi Maria timawalemekeza, koma amene tinabatiza ndi Yosefe.” Iwe unaseka mpaka kugwa pampando. Seka, koma uphunzirepo. Ukafika pa ukwati, usanayatse kanthu, funsa kuti mayi wobala mkwatibwi ndi uti, wolera ndi uti, mkazi wamkulu ndi uti, ndani sayenera kuoneka pafupi ndi ndani. Ukadziwa, uziiuza kamera ndi chala chako kuti yang'ana uyu. Ukaisiyira yokha idzasankha wokongola woima pafupi, ndipo mayi amene anagulitsa tomato zaka zonse kuti mwanayo aphunzire adzatuluka ngati mthunzi.

Fumbi nalonso ulisamale. Unandiuza wekha kuti popeza mulibe kalilole, ukachotsa lenzi, galasi la kutsogolo lija, mtima wa kamera umakhala pamtunda. Ndinamva koma sindinamvetse. Tsiku lina tikudikira akwati m'mbali mwa msewu umene mumadutsa malole a miyala, iwe utapita kukagula madzi, ndinaona ngati lenzi yada. Ndinaichotsa, ndinauzira m'katimo ndi pakamwa, n'kubwezera, ndikudziona ngati ndakuthandiza. Madzulo tikuonera, munthu aliyense woima pakati pa chithunzi anali ndi kadontho kakuda pachipumi, ngati ukwatiwo unachitika Lachitatu la Phulusa. Unagwira ntchito masiku angapo kufufuta kadonthoko ndipo sunandilankhule bwino sabata yonse. Unali ndi chifukwa. Lenzi uzisinthira m'nyumba kapena m'galimoto yotseka mawindo, kamera itayang'ana pansi, ndipo usalole munthu wachifundo ngati ine aigwire.

Zonse ndalembazi ndi zazing'ono, mwana wanga. Kamera ikatentha imazizira, batire likatha umaika lina, fumbi amapukuta. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi chimene iwe umachiyesa ubwino wake waukulu: ndi yaing'ono, ilibe phokoso, ndipo imaona mumdima. Chikamera changa chikalowa pakhomo aliyense amadziwa kuti chafika. Azimayi amakonza maduku, wotafuna amameza, wonena miseche amasiya. Kutsogolo kwake kuli kanyali kofiira kamene kamauza munthu kuti tsopano ndikukujambula. Yako ilibe kanyaliko. Ikalendewera pachifuwa pako anthu amayesa ndi yojambulira zithunzi wamba, ndipo poti sunaiike kumaso amaganiza kuti yagona.

Nkhani ya kanyali kameneka unaimva uli mwana, koma unkaimva ngati nthano. Imvenso lero. Iwe uli kumsana, ndinaitanidwa ku kichini pate ku Nkwazi komweko. Mphatso zitatha, azimayi okwatiwa analowa ndi mkwatibwi m'chipinda kuti alangizi amupatse mwambo wa m'nyumba. Zimene zimachitika m'menemo sindizilemba ngakhale pano, ndi za azimayi okhaokha, ndipo zimathera m'chipindamo. Ine ndinaika kamera pamwamba pa kabati, phewa likuwawa, iwe ukulira, n'kuiwala kuizimitsa. Ng'oma zinayamba, azimayi anamasuka. Kenaka mayi wina wa Chibemba anakuwa akuloza pakabati, “Awe mwebantu, bana Tiyamike, akalaiti kaleaka!” Kanyali kaja kanali kakuyaka. Ng'oma zinaduka pomwepo. Mkwatibwi anadziphimba n'kuyamba kulira.

Mlangizi wamkulu tsiku limenelo anali Amake Lute, omwe aja amakupatsa maswiti kutchalitchi. Sanakalipe. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, “Mwana wanga, takuitana kuti utijambule kapena kuti utibe?” Ndinagwada. Ndinatulutsa tepi pamaso pawo, ndinasolola lamba wake yense n'kumuponya pa mbaula. Pamodzi ndi lambayo panapsa ntchito ya tsiku lonse, kulowa kwa mkwatibwi, mphatso, magule a pabwalo, zonse. Atate ako anadandaula mwezi wathunthu. Koma Amake Lute anamasula chitenje chawo cha pamwamba, chija chobiriwira cha nkhanga, nandipatsa. Anati, “Nthawi zonse tisanagwire ng'oma, uziiphimba maso ndi ichi, ife tikuona.” Kuyambira tsikulo ndimatero. Ndimazimitsa kamera, ndimaitembenuzira kukhoma, ndimaiphimba ndi chitenjecho pamaso pa onse, ndipo pokhapo ng'oma imalira. Ukuganiza kuti azimayi a ku Lubuto ndi ku Nkwazi amandiitana chifukwa ndimajambula bwino? Anyamata a m'tauni amandiposa kutali. Amandiitana chifukwa cha chitenje chimenecho. Ndicho chinakulipirira sukulu, ndipo ndicho chinakutsegulira zitseko zonse zimene walowamo ndi kamera yako.

Loweruka lija kwa Mayi Zulu ndinachita monga mwa masiku onse. Ndinaphimba yanga onse akuona. Makatani anali otseka, magetsi kulibe, m'chipinda munali kandulo imodzi yokha. Iwe sunakwatiwe, sunayenera n'komwe kukhala pafupi. Koma ana ankasuzumira, ndiye Amake Lute, amene tsopano akuyendera ndodo, anati, “Tiyamike aime pakhomo agwire chitseko, ni mwana wa nyumba ino uyu.” Wamva mawu amenewo? Sanakufufuze, sanayang'ane chimene chinali pachifuwa pako. Anakukhulupirira chifukwa cha ine, ndipo anamasuka chifukwa cha mdima. Sankadziwa kuti kwa kamera yako kandulo imodzi ndi masana. Ine ndinali pomwepo ndikuomba m'manja, osadziwa kanthu. Kunalibe kanyali koti mayi wa Chibemba akaone.

Lachiwiri lija unandionetsa kavidiyoko. Ndinakufunsa kuti wachita chiyani. Iwe unati, “Amama, onani chabe vamene yatulukila. Ni kandulo imozi iyi! Ba bosi bakaona, bazaziba kuti niziba nchito.” Ndinati bwana wakoyo ndi mwamuna. Iwe unati, “Nizabaonesa chabe pa kamera, sinizatuma kuli munthu. Nkhope nizabisa. Manje vinthu vinachinja, Amama, ni luso iyi.” Mawu amenewo akhala akundizungulira m'mutu, ndipo poti pakamwa ndinangokalipa, ndikuyankhe bwino pano.

Kuti kavidiyoko n'kokongola sindikana. Ndinaona mmene kuwala kwa kandulo kunagwera pa mapewa a azimayi aja, ndipo m'zaka zanga zonse sindinajambulepo chinthu chotero. Luso uli nalo, loposa langa ndi la atate ako kuphatikiza. Koma si kako. Palibe mmodzi m'chipinda chija amene anakupatsa. Ukuti udzabisa nkhope, koma kabokosi kaja kotsatira maso kanagwira Naomi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ngakhale umuphimbe, mawu a Amake Lute akuimba ndani sawadziwa ku Nkwazi? Makatani a Mayi Zulu ndani sanawaone? Ukuti udzangoonetsa bwana. Bwanayo akadzati tumiza ndikaonere pa kompyuta yaikulu, iwe wantchito watsopano, tsiku loyamba, udzakana? Mu ofesimo muli anyamata osanja mavidiyo, aliyense ndi foni yake m'thumba. Mmodzi yekha akakopera, madzulo ake kavidiyoko kafika ku Ndola iwe usanapeze n'komwe nyumba yogona. Madzi akatayika saoleka, Tiyamike.

Ukwati wa Naomi ndi Loweruka la sabata yamawa. Apongozi ake aamuna ndi mkulu wa mpingo, munthu amene amabweza mtsikana pakhomo la tchalitchi chifukwa cha siketi yaifupi. Taganiza bambo ameneyo atalandira pafoni mpongozi wake ali m'chipinda cha alangizi. Taganiza Naomi, amene munkapita naye limodzi ku katekisimu, akuyenda mumsika anyamata a mawilibala akumuloza. Taganiza Amake Lute pa ukalamba wawo akusekedwa ndi adzukulu a anzawo. Ine za dzina langa ndikuopa, sindinama. Ukwati umenewo wojambula ndine, ndipo sindikudziwa kuti ndikawayang'ana bwanji Mayi Zulu, amene Loweruka anandilongedzera nkhuku yathunthu kuti ndikadye ndi atate ako. Koma ine ndakalamba, ndikhoza kukhala pansi n'kumagulitsa mafritasi, timandasi tija. Naomi ndiye akuyamba kumene moyo.

Ndikuopanso za iwe. Ku Lusaka udzalowa m'zipinda zambiri, za akwatibwi akuvala, za anamfedwa akulira, za anthu akuluakulu ataledzera. Adzakulowetsa chifukwa ndiwe mtsikana wofatsa wokhala ndi kakamera kakang'ono. Ukazolowera kuti chala chizikanikiza anthu osadziwa, tsiku lina udzajambula munthu amene salira ngati Naomi koma amatuma anthu kudzakuvulaza. Ine ndili kuno ku Lubuto, ndidzakuthandiza bwanji? Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata, ndipo masiku ano mlomo wa munthu uli pa khadi. Popeza kamera yako ilibe kanyali, uzinena ndi pakamwa kuti tsopano ndayamba, tsopano ndasiya. Akakuuza kuti apa ayi, usangoitsitsa, uziivula m'khosi n'kuiika pomwe onse akuiona.

Ngati ukufuna choonetsa bwana wako, tenga ukwati uja wa ku Bwana Mkubwa. Mdima ulimo, msozi wa mayi uja ulimo, ndipo eni ake anavomera kuti tizionetsa anthu. Munthu wodziwa ntchito akaona zimenezo adzakhutira. Akapanda kukhutira, n'kumafuna zobisika za anthu, ameneyo si bwana woti umugwirire ntchito, ubwerere, chipinda chako sindiikamo anthu a lendi.

Ndikuuze chimene chandichitikira lero. Utangotuluka kupita ku Kitwe ndinatsegula chikwama chako kuti ndiikemo chiponde ndi kapenta. Kamera inali pamwamba penipeni. Ndinaitulutsa, ndinakhala nayo pabedi, ndipo potsegulira khadi ndimapadziwa. Mbaula inali ndi moto panja. Ndinafuna kulichotsa khadilo n'kuliponya pamoto. Koma ndinaganiza kuti ndikaotcha ine, khadi lina ugula mawa, ndipo chala ndi chomwecho. Mwinanso unakopera kale pa laputopu, ine osadziwa. Tepi ija pa mbaula sanandiponyere Amake Lute, ndinaponya ndekha, ndipo n'chifukwa chake sindinaiwale. Ndabwezera kamera yako mmene inalili. Sindinakhudze kanthu.

Atate ako sindinawauze, ndipo usawaonetse, ndi mwamuna. Iwo akudziwa kuti tinakangana za mabatire.

Pamwamba pa chikwama chako upeza chitenje chobiriwira cha nkhanga, ndachichapa ndi kuchisita. Chatha m'mphepete koma chikadaphimba. Ndinkafuna kudzakupatsa tsiku la ukwati wako, koma ntchito yake ndi ya pa kamera, ndipo amene akupita kokalowa m'zipinda za anthu ndi iwe. Mawa sindikufunsa kanthu pamaso pa atate ako, ndipo sindikufuna tikakangane pa siteshoni anthu akuonera. Tichite chonchi. Ngati wafufuta, pa khadi, pa laputopu ndi pafoni ngati unatumizako, tenga chitenjecho upite nacho, ndi chako. Ine ndikapempha china kwa Amake Lute ndi mtima woyera. Ngati waona kuti sungathe, usachitenge. Uchisiye pampando wanga wa pakhonde. Sindikutemberera, udzakhalabe mwana wanga, ndipo chiponde chako sinditulutsa. Koma ndikachipeza pamenepo ndichitenga, ndipo pochokera ku siteshoni sindifikira kunyumba. Ndikwera minibasi ya ku Nkwazi, ndikagwade pakhomo pa Mayi Zulu ndi pa Amake Lute, ndikawabwezere chitenje chawo, ndikawauze ndekha foni isanawauze. Amake Lute ndinawagwadirapo kamodzi iwe uli kumsana. Maondo anga tsopano ndi okalamba, mwanawe, usawagwaditsenso.

Ndamva geti likulira, mwina ndiwe. Uzidya, uzipita ku Misa, uziimba foni ngakhale ulibe nkhani. Mulungu akutsogolere pa msewu.

Mawa potuluka ndidzakusenzera chikwama mpaka pageti, ndipo ndayesetsa kudzilonjeza kuti sindidzatembenuka. Koma ukundidziwa. Ndidzayang'ana pampando.

Ndine mayi wako,
Amake Tiyamike